Momwe mungaikire foni malire kuti thupi lisavutike

Kwa munthu wochita geni ya nsomba ku Senga Bay kapena mlimi wa mpunga wa ku Lifuwu, foni ndi chida chantchito. Ndi pomwe amamvera mtengo wa usipa ku Lilongwe, amalandirirapo ndalama za pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, komanso amapezerapo galimoto yonyamula katundu. Choncho uphungu woti munthu angoisiya foni ndi wosathandiza, ndipo palibe amene angautsatire. Chotheka ndi kuipatsa nthawi yake ndi malo ake, ndipo izi zimayenda bwino munthu akasintha pomwe foniyo imakhala kusiyana ndi kungodalira kudziletsa.

Yambani ndi kudziwa nthawi imene mumathera pa foni, chifukwa ambirife timadzinamiza pa nkhani imeneyi. Mafoni ambiri a Android ali ndi gawo lotchedwa Digital Wellbeing mu Settings, pomwe pa iPhone gawoli limatchedwa Screen Time, ndipo limaonetsa maola amene mwathera pa WhatsApp, Facebook kapena TikTok tsiku lililonse. Muziyang'anamo kwa sabata imodzi musanasinthe kalikonse, kenako musiyanitse nthawi ya ntchito ndi nthawi yongoyendetsa chala pa sikirini. M'gawo lomwelo mutha kuika malire a mphindi pa pulogalamu imene ikukudyerani nthawi yambiri.

Nkhondo yaikulu ili usiku. Kuno ku Salima, makamaka m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, kutentha kumachititsa anthu kukhala pakhonde mpaka usiku kwambiri, ndipo akalowa m'neti amalowa ndi foni m'manja poganiza kuti iwathandiza kupeza tulo. Zimene zimachitika ndi zosiyana. Kuwala kwa sikirini kumachedwetsa thupi kutulutsa melatonin, yomwe imauza thupi kuti nthawi yogona yakwana, ndipo choposa kuwalako ndi nkhani zimene munthu akuwerenga: mkangano wa ndale m'gulu la WhatsApp kapena zotsatira za mpira umene wabetcherapo sizilola mtima kukhala pansi. Munthu wamkulu amafunika kugona maola osachepera 7, ndipo amene amalawirira kumunda kapena kudooko sangawakwanitse ngati foni ikadali m'manja nthawi ya 11 koloko usiku.

Njira yake ndi yosavuta kuifotokoza. Sankhani malo amodzi kutali ndi pogona, kaya patebulo la pabalaza kapena pawindo, ndipo foni izigona pamenepo kuyambira ola limodzi inu musanagone. Zimitsani data koma musazimitse foniyo, chifukwa uthenga wa matenda kapena wa maliro anthu amaimba, salemba pagulu n'kudikira kuti muuone m'mawa. Ngati mumadzuka ndi alamu, kukhala kutaliko n'kwabwino ndithu, popeza mudzayenera kuimirira kuti mukaizimitse. Koma amene amakonda bandulo ya usiku chifukwa chotsika mtengo angathe kusiya data yosazimitsa n'kuika zimene akufuna kuti zizidawunilodeka zokha, iwo n'kukagona, n'kudzaonera masana. Musatchajire foni pansi pa pilo kapena pa matiresi, chifukwa batire ikasowa mpweya imatentha kwambiri. Asodzi a usipa amene amachezera panyanja ndi nyali n'kumagona masana, lamulo ndi lomweli: akatsika m'boti n'kugulitsa nsomba, foni ikhale patali mpaka atadzuka.

Maso ndi khosi zimavutika mwakachetechete. Munthu akamayang'anitsitsa sikirini amaphethira mocheperapo, n'chifukwa chake maso amauma, amayabwa kapena kumveka ngati mwalowa mchenga. Akatswiri a maso amalangiza kuti pa mphindi 20 zilizonse muziyang'ana chinthu chimene chili pa mtunda wa mamita 6 kapena kupitirira, kwa masekondi 20; mtengo wa mango wa pabwalo ndi wokwanira. Pa za khosi, kwezani foni ifike pafupi ndi nkhope m'malo mogwetsa mutu kuti uitsatire. Ma ejenti a ndalama za pa foni amene amakhala pansi pa ambulera ku Kamuzu Road kuyambira m'mawa mpaka madzulo ndiwo ayenera kusamala kwambiri: chigongono chitsamire patebulo, ndipo makasitomala akachepa aziimirira, kuwongola msana ndi kutembenuza mapewa.

Makutu nawo asaiwalike. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti voliyumu ya mahedifoni isapitirire 60 peresenti ya mphamvu yake yonse. Ngati mnzanu amene ali pafupi akuchita kukuwa kuti mumumve, tsitsani.

Pamsewu palibe zokambirana. WHO imanena kuti dalaivala amene akugwiritsa ntchito foni amakhala pa chiopsezo chochita ngozi kuwirikiza pafupifupi kanayi poyerekeza ndi amene sakuigwira. Mumsewu wa M5 wopita ku Nkhotakota komanso wa M14 wokwera ku Lilongwe mumadutsa magalimoto akuluakulu, njinga, ngolo ndi mbuzi, ndipo wakabaza amene akuyankha kasitomala ndi dzanja limodzi waika pachiswe moyo wake ndi wa amene wamukweza. Imani pambali, yankhani, kenako pitirizani ulendo. Wokwera ali ndi ufulu wonse wouza wakabaza kuti aime kaye.

Thupi limafunanso kuyenda. Malangizo a WHO ndi akuti munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, zomwe ndi ngati mphindi 30 pa tsiku kwa masiku asanu. Amene amalima, kupalasa bwato kapena kutunga madzi amapitirira pamenepa osadziwa n'komwe, ndiye uphunguwu ukukhudza makamaka a m'maofesi, a m'masitolo ndi achinyamata amene angomaliza sukulu ndipo akungokhala pakhomo. Iwowa asankhe ulendo umodzi pa tsiku woyenda pansi, monga wa kumsika kapena wa kutchalitchi kapena kumzikiti, foni ili m'thumba.

Kunyumba ikani lamulo limodzi lokha, koma likhale la onse, kuyambira bambo: nsima ikafika pamphasa, mafoni akhale m'nyumba. Mwana saona chifukwa chomvera ngati wamkulu akudya ndi dzanja limodzi, lina likuyankha mauthenga. Pa za ana aang'ono, malangizo a WHO a m'chaka cha 2019 amati mwana wosakwana zaka ziwiri asamaonetsedwe sikirini, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku. Chizolowezi chopatsa mwana foni kuti atonthole chimapepuza mayi kwa kanthawi, koma mwanayo amaphunzira kuti akalira alandira foni, ndipo mawa amalira kwambiri.

Magulu a WhatsApp, kaya ndi a banki m'khonde, a mpingo, a sukulu imene munaphunzirako kapena a pamudzi, simuyenera kutulukamo, zomwe nthawi zina zimabweretsa udani wosafunika. Atsekeni kulira pogwiritsa ntchito mute, musiye awiri kapena atatu okhudza ndalama ndi banja, ndipo enawo muziwawerenga kawiri pa tsiku, masana ndi madzulo.

Ngati mwachita zonsezi kwa masabata angapo koma mutu ukupwetekabe, maso akuona mwachimbuuzi, zala zikuchita dzanzi kapena tulo sitikubwera, pitani kuchipatala mukapimidwe, chifukwa zizindikiro zoterezi zimabweranso ndi matenda a shuga kapena kuthamanga kwa magazi, ndipo mutu wophatikizana ndi kutentha thupi m'dera la kunyanja ngati lino umafunika kuyezetsa malungo tsiku lomwelo.