Kutchera sikana ya barcode kuti imvane ndi pulogalamu yanu

Sikana ya USB mukangoilumikiza, kompyuta imaitenga ngati kiyibodi. Ikawerenga barcode imangotayipa manambalawo paliponse pamene mwadina, monga angachitire munthu wa zala zachangu. N'chifukwa chake si bwino kuyesera sikana yatsopano mu pulogalamu ya pa till kapena ya ku sitolo ya katundu. Tsegulani kaye Notepad, kapulogalamu kolembera ka mu Windows, werengetsani barcode imodzi, ndipo zimene zatuluka muziyerekeze ndi manambala osindikizidwa pansi pa mizereyo, imodzi imodzi. Zikafanana ndendende, sikana ikuwerenga bwino, chotsala n'kuti imvane ndi pulogalamu. Zikasiyana, onani kuti zasiyana pati, chifukwa malo amenewo ndiwo akuuzeni choti mutchere.

Kutchera kwake kumachitika powerengetsa ma barcode apadera amene ali m'buku la sikanayo. Buku la kampani ina silithandiza. Yambani ndi barcode yobwezera zonse mmene zinalili pochoka kufakitale, makamaka ngati sikanayo ndi yakugwiritsidwapo kale ntchito kwina. Sikana ya laser, yotulutsa kamzere kofiira kamodzi, siwerenga pa sikirini ya foni kapena ya kompyuta, ndiye tsambalo mulisindikize papepala. Amene ali ndi masikana ambiri angagwiritse ntchito 123Scan ya Zebra, EZConfig ya Honeywell kapena Aladdin ya Datalogic, n'kusunga zotcherazo mu fayilo imodzi.

Choyamba kutchera ndi batani limene sikana imadina ikamaliza kutayipa. Mapulogalamu ambiri ogulitsira amadikira Enter kuti afufuze katunduyo. Pa fomu yokhala ndi mabokosi angapo pamafunika Tab, apo ayi fomu itumizidwa isanadzazidwe. Mu Notepad, Enter amaoneka ndi kutsikira mzere wina. Ngati pakutsala mzere wopanda kanthu pakati, ndiye kuti Enter akupita kawiri, chotsani mmodzi.

Manambala akamatuluka bwino koma zizindikiro zikusokonekera, sikana ndi kompyuta zikusiyana mtundu wa kiyibodi. Masikana ambiri amabwera atatcheredwa pa US. Kompyuta ikakhala pa UK, @ amasanduka " ndipo # amasanduka £. Ikakhala pa Chipwitikizi, monga zimakhalira ku Tete, pamalo pa / pamatuluka -, ndipo adiresi ya pa intaneti ya mu QR imaonongekeratu. Sankhani m'buku dziko lofanana ndi la kompyutayo. Caps Lock nayo ikasiyidwa yoyaka imatembenuza zilembo.

Kenako werengani kuchuluka kwa manambala. Barcode ya mtundu wa EAN-13 ili ndi 13, ndipo ndiyo ili pa katundu wambiri wa m'magolosale, kuphatikizapo wolembetsedwa ku South Africa amene amayamba ndi 600 kapena 601. UPC-A ya ku America ili ndi 12. Sikana ina imaonjezera 0 kutsogolo kwa UPC-A kuti akwane 13, ina siyonjezera, ina imadula nambala yomaliza yotsimikizira. Katundu amene ali pa alumali koma till ikuti palibe, kawirikawiri vuto lake ndi limeneli. Onani mmene analembedwera mu pulogalamu, mutchere masikana onse a m'shopu mofanana.

Excel ili ndi khalidwe lake. Imameza 0 wakutsogolo, nambala ya manambala 13 imaionetsa ngati 6E+12, ndipo imasunga manambala 15 okha, otsalawo imawasandutsa ziro. Nambala ya SSCC ya pa mapaleti, imene ili ndi 18, ikatero yatayika basi. Sandutsani danga (column) lonse la ma barcode kukhala Text musanayambe kuwerengetsa, osati mutamaliza. Fayilo ya CSV musaitsegule poidina kawiri, ilowetseni kudzera pa Data n'kusankha Text pa danga la ma barcode.

Pa mankhwala ndi makatoni m'pamene pamafunika kudekha. GS1 DataMatrix ndi GS1-128, mitundu ya barcode yopezeka pamenepo, zimanyamula zinthu zingapo mu mzere umodzi wa zilembo, chilichonse chili ndi nambala yochizindikiritsa: 01 ndi nambala ya katundu ya manambala 14, 17 ndi tsiku lothera mphamvu, 10 ndi batch (nambala ya gulu la katundu wopangidwa limodzi), 21 ndi serial (nambala ya chinthu chimodzicho). Tsiku limalembedwa chaka, mwezi, kenako tsiku, choncho 270630 ndi 30 Juni 2027. Zigawo 01 ndi 17 kutalika kwake sikusintha, koma batch ndi serial zingakhale zazifupi kapena kufika zilembo 20. Pamene zathera, ngati pali chigawo china chotsatira, pamaikidwa chizindikiro chosaoneka chotchedwa GS, nambala 29 pa mndandanda wa zizindikiro za kompyuta wotchedwa ASCII. Kiyibodi ilibe batani limeneli. Masikana ena amangolisiya, batch n'kumatirirana ndi serial, ena amatumiza Ctrl ndi ], zimene pulogalamu ina imazitenga ngati lamulo. Fufuzani zimene pulogalamu yanu imayembekezera, mutchere sikana kuti m'malo mwa GS izitumiza chizindikiro chooneka, monga ~. DataMatrix imafuna sikana ya kamera, ya laser siiona n'komwe.

Njira yodalirika kwambiri, ngati pulogalamu ikulola, ndi kuchotsa sikana pa kiyibodi n'kuiika pa USB COM, njira imene sikana imatumizira zimene yawerenga molunjika ku pulogalamu. Pamenepo imatumiza chilichonse monga chilili, ndipo zilibe kanthu kuti mwadina pati. Mungafunike kuika driver wake, kapulogalamu kothandiza kompyuta kuizindikira, kenako muone nambala ya COM mu Device Manager n'kuilemba mu pulogalamu. Musadabwe Notepad ikakhala phee, sikana yoteroyo sitayipanso. Ngati ndi chingwe chakale cha RS-232, liwiro lifanane mbali zonse ziwiri, kaya ndi 9600 kaya 115200.

Manambala akamadumphika apa ndi apo, makamaka pa Remote Desktop (pogwiritsa ntchito kompyuta ina ili kutali) kapena pa Bluetooth, sikana ikutayipa mothamanga kuposa mmene kompyuta ingalandirire. Ikani kampata pakati pa zilembo, kuyambira mamilisekondi 10, n'kumaonjezera pang'onopang'ono mpaka barcode imodzi itatuluka chimodzimodzi maulendo makumi awiri otsatizana.