Momwe mungakonzekere sikani mukamva chotupa m'chinena

Ine changa ndinachimva ndekha usiku nditagona chagada, kanthu kolimba ngati ndimu m'munsi mwa mchombo. Msambo nawo unkatenga masiku ambiri. Amayi anzanga, zikatere yambirani kwa adokotala akupimeni pamimba ndi kuyeza mkodzo, chifukwa mimba yokhala kunja kwa chiberekero imatha kuoneka ngati chotupa, ndipo imapha. Akulembereni m'buku la kuchipatala chimene akufuna chikaunikidwe pa sikani, makina oonera za m'kati mwa mimba. Musaiwale tsiku lomwe munayamba kusamba komaliza, adzakufunsani.

Kuchipatala cha boma ndi ulere koma lawirirani, mzere umatalika. Kwa olipitsa funsani mtengo musanagone pabedi. Ndipo aja amakugwiritsani kachitsulo m'manja, ati kaona matenda onse m'thupi, kenako n'kukugulitsani mabotolo a mankhwala, athaweni. Imeneyo si sikani.

Tsono za madzi, poti ine ndi pamene ndinalakwa. Sikani ya pamimba imafuna chikhodzodzo chodzaza. Chikadzaza chimakankhira matumbo pambali, ndiye chiberekero ndi timatumba ta mazira zimaoneka bwino. Ine ndinamwa madzi kunyumba, koma nditakhala pabenchi maola awiri ndinalephera kupirira, n'kupita kukataya. Pobwera anandiitana nthawi yomweyo. Bambo woyeza anandipaka mafuta ozizira aja, n'kuyendetsa kachipangizo kawiri katatu. "Mayi, munakodza eti? Palibe chikuoneka." Ndinabwerera kumapeto kwa mzere, misozi ili lengelenge, ndipo ndinayezedwa madzulo. Choncho nyamulani botolo la lita imodzi. Yambani kumwa mukaona kuti kwatsala pafupifupi ola kuti mulowe, ndipo musakodze. Zikathina kwambiri auzeni anamwino m'malo mongonyamuka. Koma akati ayezera kunjira ya amayi, imeneyo imafuna mukodze kaye.

Sikani siyipweteka. Imagwiritsa ntchito mafunde a mawu, si ekisileyi, n'chifukwa chake amayeza nayo ndi oyembekezera omwe.

Musatuluke opanda pepala la zotsatira, ndipo palembedwe kukula kwa chotupacho m'masentimita, malo ake, komanso ngati ndi cha madzi kapena cholimba. Changa chinali faibuloidi, chotupa cha mnofu wa chiberekero chomwe si khansa. Cha madzi okhaokha pa thumba la mazira nthawi zambiri chimaphwa chokha, amangoti mubwerenso pakatha masabata 6 kapena 8. Chikakhala chosakanikirana, pena madzi pena cholimba, kapena mukapezeka madzi m'mimba, amakutumizani ku chipatala chachikulu monga Queen Elizabeth kapena Kamuzu Central. Pitani msanga, sikani payokha siyitsimikiza khansa. Kuyezetsa khansa ya khomo la chiberekero ndi viniga kuja n'kwina, kachiteninso.