Momwe Mungayezere Mfundo Musanaivomereze

Munthu aliyense amene akufuna kuti muvomereze zonena zake, kaya ndi phungu pamsonkhano, wamalonda pamsika kapena m'bale amene wakutumizirani uthenga pa WhatsApp, amabwera ndi zinthu ziwiri: ganizo limene akufuna kuti mugwirizane nalo, ndiponso zifukwa zimene iye akuti zikuchirikiza ganizolo. Ntchito yanu yoyamba ndi kulekanitsa ziwirizi. Tengani pepala, mulembe ganizolo pansi penipeni ndipo zifukwa zake muzilembe pamwamba, chilichonse pamzere wakewake. Mawu akuti "choncho", "motero" ndi "ndiye kuti" amaloza ganizo lomaliza, pamene "chifukwa", "popeza" ndi "pakuti" amaloza zifukwa. Mukatero mudzaona kuti uthenga wautali wodzaza ndi machenjezo umatha kukhala ndi chifukwa chimodzi chokha, mwinanso wopanda chifukwa n'chimodzi chomwe.

Lembaninso chifukwa chimene wolankhulayo wachibisa kapena waiwala kuchitchula. Wogulitsa akanena kuti, "Mankhwalawa ndi achilengedwe, choncho sangakupwetekeni," mawu ake atsamira pa mfundo yakuti chilichonse chachilengedwe sichipweteka munthu. Mfundoyi ikangolembedwa poyera imagwa yokha, pakuti chinangwa chowawa n'chachilengedwe koma chili ndi poizoni, ndipo n'chifukwa chake anthu a m'mphepete mwa nyanja amayamba achiviika masiku angapo asanasinje ufa wa kondowole.

Zifukwa zikayalidwa bwino, funsani mafunso awiri, ndipo musawasakanize. Loyamba ndi lakuti, kodi zifukwazi n'zoona? Lachiwiri ndi lakuti, zitakhala kuti n'zoonadi, kodi zikutikakamiza kuvomereza ganizo lomalizalo? Aristotle, wanzeru wa ku Greece amene anakhala ndi moyo kuyambira mu 384 mpaka mu 322 Khristu asanabadwe, ndiye anayamba kulemba mwadongosolo za funso lachiwirili, ndipo anasonyeza kuti yankho lake limadalira kalumikizidwe ka mfundo, osati nkhani imene ikukambidwa. Taonani chitsanzo ichi: nsomba zonse zimakhala m'madzi, chambo ndi nsomba, choncho chambo chimakhala m'madzi. Apa palibe pothawira, chifukwa amene wavomereza mfundo ziwiri zoyambazo sangakane yachitatu. Koma wina atati nsomba zonse zimakhala m'madzi, mvuu imakhala m'madzi, choncho mvuu ndi nsomba, zifukwa zake zonse ziwiri n'zoona pamene ganizo lomaliza ndi labodza, popeza kunena kuti nsomba zonse zili m'madzi sikutanthauza kuti zonse za m'madzi ndi nsomba. Zimachitikanso mosemphana: mbalame zonse zimauluka, nthiwatiwa ndi mbalame, choncho nthiwatiwa imauluka. Mfundozi zalumikizana bwino lomwe, koma yoyambayo ndi yabodza.

Za mvuuzi zingaoneke ngati zachibwana, komatu kaganizidwe komweko kavulazitsa anthu osalakwa. Khamu likamanena kuti mbava zimayenda usiku, mnyamatayu tamupeza akuyenda usiku, choncho ndi mbava, lachita chimodzimodzi ndi uja wati mvuu ndi nsomba, poiwala kuti alonda, anamwino ndi anthu operekeza matenda kuchipatala nawonso amayenda usiku. Kholo limene likuti malungo amatenthetsa thupi, mwana watentha thupi, choncho ali ndi malungo, lagwa m'mbuna yomweyo, chifukwa chibayo ndi matenda ena ambiri amatenthetsanso thupi, ndipo ichi n'chimene achipatala amayezera magazi asanapereke mankhwala. Pamene mukukayika za kalumikizidwe ka mfundo, chotsani mawu a nkhani imene yakutenthetsani mtima, muikepo zinthu zimene mukuzidziwa bwino monga nsomba ndi mvuu, koma osasintha dongosolo lake. Ngati dongosolo lomwelo lingakufikitseni pa bodza loonekeratu kuchokera pa zifukwa zoona, ndiye kuti silodalirika pa nkhani ina iliyonse.

Mfundo zambiri zimene timakumana nazo tsiku ndi tsiku sizikhala zotsekeratu pakamwa ngati ya chambo ija. Zimangotiuza kuti chinthu chikuoneka kuti n'choona malinga ndi zimene anthu aona, ndipo apa funso limakhala lakuti umboniwo ndi wochuluka bwanji komanso wachokera kuti. Chovuta kwambiri ndi nkhani ya chimene chayambitsa chinzake. Alipo anthu amene amakhulupirira kuti mango amayambitsa malungo, ndipo zimene aona si zabodza, chifukwa odwala malungo amachulukadi m'miyezi yoyandikana ndi nyengo ya mango. Kungoti nyengo yomweyo ndi ya mvula, imene imadzaza zithaphwi moswera udzudzu, ndipo mu 1897 dokotala Ronald Ross, akugwira ntchito ku India, anapeza tizilombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu. Zinthu ziwiri zikamachitika pamodzi, fufuzani ngati palibe chachitatu chimene chikuyendera limodzi ndi zonsezo.

Chitsanzo chabwino cha kafufuzidwe koyenera ndi cha dokotala John Snow wa ku London. Mu 1854 kolera inabuka m'dera la Soho n'kupha anthu oposa 600, ndipo akatswiri ambiri a nthawi imeneyo ankakhulupirira kuti matendawa amafala ndi mpweya wonunkha. Snow ankaganiza kuti vuto ndi madzi. Anafufuza nyumba zimene munachitika maliro n'kupeza kuti zambiri zinali pafupi ndi mjigo wa mumsewu wa Broad Street. Komabe umboni umenewu pawokha sunali wokwanira, chifukwa wokhulupirira za mpweya akanatha kuyankha kuti anthu oyandikana amapuma mpweya umodzi monga momwe amatungira madzi pamalo amodzi. Chimene Snow anachita, chomwe inunso muyenera kutengera, ndi kufunafuna anthu amene maganizo awiriwa akanalosera zosiyana za iwo, ndiwo okhala pafupi ndi mjigowo koma osamwa madzi ake, ndi okhala kutali koma omwa madziwo.

Magulu onse awiri anawapeza. Ogwira ntchito pafakitale yofululira mowa mumsewu womwewo sanafe ndi kolera, ndipo zinadziwika kuti ankamwa mowa umene ankapatsidwa pantchitopo komanso fakitaleyo inali ndi chitsime chakechake. Panyumba yosungirako anthu osauka ya ku Poland Street, imene munali anthu oposa 500 ndipo inazunguliridwa ndi maliro, panafa anthu asanu okha, ndipo nayonso inali ndi madzi akeake. Kumbali inayo, mayi wina wamasiye wa ku Hampstead, kutali ndi Soho, anamwalira ndi kolera ngakhale m'dera lakelo matendawa kunalibe. Snow atafunsa achibale anamva kuti mayiyo ankakonda kakomedwe ka madzi a ku Broad Street moti ankawatumitsa pangolo m'botolo lalikulu. Mpweya wa ku Soho sunafike ku Hampstead, koma madzi ake anafikako.

Akuluakulu a dera la Soho anachotsa chogwirira cha mjigowo pa 8 September, ndipo imfa zinapitiriza kuchepa. Pamenepa mpamene ndimaona kukhwima kwa Snow, chifukwa sanathamangire kunena kuti kuchotsa chogwiriracho ndiko kunathetsa mliri. Anavomereza poyera kuti odwala anali atayamba kale kuchepa, popeza anthu ambiri anali atathawa m'deralo. Kuti chinthu chachitika pambuyo pa chinzake si umboni wakuti choyambacho ndicho chachititsa, ngakhale pamene zotsatirazo zikukomera maganizo anu. Munthu amene wachira chimfine patatha sabata atamwa mankhwala ena ake ayenera kukumbukira kuti chimfine nthawi zambiri chimatha chokha pa nthawi ngati yomweyo.

Mitsutso yambiri imasokonekera chifukwa anthu amasiya mfundo n'kuyamba kukambirana za munthu. Kunena kuti zonena za uje n'zabodza chifukwa ndi chidakwa, ndi wachipani china kapena sanapite patali ndi sukulu, sikuyankha chilichonse mwa zifukwa zimene iye wapereka, ndipo akale anachenjeza kale kuti wamisala anaona nkhondo. Mbiri ya munthu ili ndi malo ake pamene tikudalira umboni wa maso ake okha, koma ngati wayala zifukwa zimene tingathe kuzifufuza tokha, tiyeze zifukwazo. Chenjeraninso ndi wolankhula amene akukupatsani njira ziwiri zokha, monga kunena kuti amene sakugwirizana ndi ganizo la komiti ndiye kuti safuna chitukuko, pomwe munthu angafune chitukukocho koma n'kumakayikira mtengo kapena malo amene asankhidwa. Ndipo musanatsutse mnzanu, bwerezani mfundo yake m'mawu anu mpaka iye avomereze kuti n'zimenedi akutanthauza, kuti musatayire mphamvu pa zimene sananene.

Uthenga ukanena kuti "madokotala apeza" kapena "kafukufuku wasonyeza", funsani kuti ndi madokotala ati, a chipatala kapena sukulu iti, anayeza anthu angati, ndipo anawayerekeza ndi ndani. Udindo wobweretsa umboni ndi wa amene wabwera ndi ganizolo, osati wa inu amene mukufunsa, choncho akakuyankhani kuti, "Nanga inuyo mungatsimikize kuti n'zabodza?" mubwezereni funsolo mwaulemu, mumupemphe atchule kumene nkhaniyo yachokera, ndipo muusunge kaye uthengawo osautumiza kwa ena kufikira atatero.