Chikwakwa chidikire kaye: maluwa akutchire kuseri kwa nyumba

Nyengo yotentha ikamapita kumapeto, masiku n'kuyamba kufupika, ambiri timatenga chikwakwa n'kuyeretsa bwalo lonse. Kumayiko a kumpoto nthawi imeneyi ndi Ogasiti mpaka Okutobala, pomwe kummwera kwa dziko lapansi ndi Febuluwale mpaka Epulo. Langizo langa n'lakuti musiye kachigawo kamodzi, pamene pamera maluwa achilengedwe a m'dera lanu, osakatchetcha kapena kukatentha.

Nthawi ino maluwa ambiri obzala amakhala atafota, choncho njuchi ndi agulugufe amadalira maluwa akutchire ophuka mochedwa. Padziko lapansi pali mitundu ya njuchi yoposa 20,000, ndipo yambiri siikhala m'ming'oma. Njuchi yaikazi imadzikumbira kauna pansi, kapena imalowa m'phesi louma lobooka mkati, n'kuikamo mungu ndi dzira, kenaka n'kumata pakhomo ndi dothi kapena tizidutswa ta masamba. Tengani phesi la chaka chatha muliyang'anitsitse kumapeto: mukaona pomatidwa, m'menemo muli ana. Kutentha phesi lotere n'kupha njuchi zomwe zikanadzabereketsa mitengo yanu yazipatso chaka chamawa.

Mapesi a chaka chino asiyeni aime nyengo yonse yozizira, mbalame zizidya njere zake. Kukayambanso kufunda, aduleni mosiya zitsa za masentimita 20 mpaka 60, ndipo zitsazo musazule. Maluwa atsopano akakula amazibisa okha.

Bwanji ndikulimbikira maluwa a m'deralo? Tizilombo tambiri sitidya chomera chilichonse. Ku North America mbozi za gulugufe wa monarch zimadya masamba a chomera chotchedwa milkweed basi. Agulugufe obadwa kumapeto kwa nyengo yotentha amauluka makilomita masauzande angapo kuchokera ku Canada ndi United States kukafika kunkhalango za m'mapiri a pakati pa Mexico, ndipo mphamvu za ulendowu amazipeza m'timadzi totsekemera ta maluwa ochedwa monga goldenrod ndi aster. Zimandimvetsa chisoni kuti goldenrod amazulidwa kawirikawiri pomuganizira kuti ndiye amayetsemulitsa anthu. Mungu wake ndi wolemera komanso womata, umanyamulidwa ndi tizilombo. Wolakwa ndi chomera china chotchedwa ragweed, chimene chimaphuka nthawi yomweyo ndipo mungu wake umauluka ndi mphepo.

Komabe si chomera chilichonse chomera chokha chomwe chili cha m'deralo. Lantana anachokera kumadera otentha a ku America, ndipo wafalikira mu Africa, Asia ndi Australia komwe amatsamwitsa zomera zina, masamba akenso amadwalitsa ng'ombe. Ameneyu muzuleni ndi mizu yomwe zipatso zisanapse, chifukwa mbalame zikadya zimamwaza njere ponseponse.

Ena amandifunsa kuti, "Nanga njoka?" Nkhawayi ndi yomveka. Chigawo chosatchetchacho chikhale patali ndi khomo, ndipo udzu wozungulira nyumba, m'mbali mwa tinjira ndi posewerera ana ukhale waufupi nthawi zonse. Polowa m'chigawomo valani nsapato zotseka, usiku yendani ndi tochi. Mukakumana ndi njoka bwererani m'mbuyo pang'onopang'ono, muipatse njira. Kuyesa kuipha kapena kuigwira ndiko kumalumitsa. Wina akalumidwa, musacheke balalo, musayamwe, musamange mwendo kapena mkono mothina. Muvuleni mphete ndi zibangili, asayendeyende, ndipo mupite naye kuchipatala msanga.

Mulu wa masamba ukakhala masiku angapo, achule, abuluzi ndi akanungu amabisalamo. Ngati n'kofunikadi kuutentha, usuntheni kaye ndi foloko kapena khasu kuti zamoyozi zithawe. Koma bwino n'kuusiya uwolerane pansi pa mitengo. Mleme kapena nyama ina yakutchire yomwe ili pansi masana, yosathawa munthu, musaigwire ndi manja, ndipo ana ndi agalu atalikirepo, poti ikhoza kukhala ndi chiwewe.

Ikani mbale yosazama ya madzi, muikemo timiyala totulukira pamwamba kuti njuchi zitere osamira. Madziwo muzisintha pakapita masiku awiri kapena atatu kuti udzudzu usaswane. Mankhwala ophera tizilombo asafike pamaluwa omwe amasula. Ngati mbewu zanu zapafupi zikufunikadi kupopera, poperani madzulo njuchi zitasiya kuuluka, komanso kopanda mphepo.

Mukafuna kukulitsa chigawochi, tolani njere zikauma n'kuyamba kuyoyoka zokha mukagwedeza mutu wa duwa. Tengani pang'ono pa chomera chilichonse, zambiri zitsale. Zisungeni m'kathumba ka pepala pamalo ouma ndi ozizira, chifukwa m'pulasitiki zimachita nkhungu, ndipo lembani pakathumbapo mtundu wa duwa, malo ndi mwezi womwe mwatola.