Kulumikiza nyale ya m'manja ku batire ya galimoto popanda kuwotcha mawaya

Abale ambiri kuno ku Johannesburg amagwira ntchito usiku: alonda oyendera mafakitale a ku City Deep, oyendetsa mabakkie onyamula katundu, amakaniko okonza magalimoto m'mbali mwa msewu ku Turffontein ndi Mayfair. Magetsi akathima, nyale yamphamvu yotenga moto ku galimoto imawathandiza kwambiri. Koma waya mmodzi wolumikizidwa mwachisawawa angathe kuyatsa galimoto yonse, ndiye ntchitoyi ndi yofunika kuigwira mosamala.

Musanagule waya, dziwani moto umene nyale yanu imakoka. Gawani mawati olembedwa pa nyaleyo ndi 12, omwe ndi mavoliti a batire ya galimoto. Nyale ya halogen ya mawati 100 imakoka ma amp opitirira pang'ono 8, ya mawati 55 imakoka pafupifupi 5, pomwe ya LED ya mawati 27 imangokoka ma amp awiri ndi pang'ono. Nambala imeneyi ndiyo ikuuzeni waya, fyuzi ndi pulagi zoyenera.

Soketi yoyatsira ndudu ndi yoyenera nyale zazing'ono basi. Kawirikawiri fyuzi yake imakhala ya 10A kapena 15A, ndipo papepala zimaoneka ngati ikwanitsa nyale ya mawati 100. Vuto lili pa pulagi. Kansonga ka pakati, kamene ndi ka positive, kamangogunda ndi kasipuling'i kofooka. Galimoto ikamagwedezeka kamalekanalekana ndi soketi, pamatuluka kutentha, mpaka pulasitiki kusungunuka. Ngati nyale yanu ndi ya LED yokoka ma amp osapitirira 5, soketiyo igwiritseni ntchito. Yoposa pamenepo, tengani moto ku batire mwachindunji.

Choyamba masulani waya wa negative ku batire, kuti sipanala ikagunda chitsulo pasatuluke moto. Kenako mangani waya wofiira ku positive pogwiritsa ntchito kachitsulo ka mphete kofinyidwa bwino ndi pulayala yake. Osangopota waya pa bawuti. Fyuzi muiike pafupi kwambiri ndi batire, osapitirira masentimita 20 kapena 30. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, amaiika kufupi ndi nyale. Ntchito ya fyuzi ndi kuteteza waya. Waya ukasupuka n'kukhudza chitsulo cha galimoto, batire imatulutsa ma amp mazanamazana, ndipo gawo lonse lopanda fyuzi limafiira ngati waya wa mbaula ya magetsi. Pa nyale ya mawati 100 ikani fyuzi ya 15A, yabuluu. Pa ya LED yaing'ono, ya 5A ikwana. Yofiira ndi 10A, yachikasu ndi 20A.

Za kukula kwa waya tichedwepo pang'ono, chifukwa n'zimene zimapangitsa nyale kuwala mofooka anthu n'kumaganiza kuti babu ndi lachabe. Moto umapita ndi kubwerera, choncho chingwe cha mamita 5 ndi ulendo wa mamita 10. Pa waya wa 1 mm², nyale ya mawati 100 imataya pafupifupi voliti imodzi ndi theka m'njira, ndipo mphamvu yotayikayo imasanduka kutentha m'waya. Pa waya wa 2.5 mm² imataya pang'ono kupitirira theka la voliti. Ndiye kwa halogen gulani wa 2.5 mm², kwa LED wa 1.5 mm² ndi wabwino. Ukhale wa kopa, wa timawaya tambirimbiri tofewa. Waya wolimba wa m'nyumba uja umathyoka ndi kugwedezeka, ndipo wa masipika umakhala ndi chikopa chonenepa koma kopa wochepa mkati.

Waya wakuda mangani ku negative ya batire kapena pa bawuti ya chitsulo cha galimoto, mutapala penti ndi dzimbiri mpaka chitsulo chiwale. Podutsitsa waya pa bowo la chitsulo, muikepo kalabala kotchinga m'mphepete. Muutalikitse ndi ekizozi komanso fani, ndipo muumange ndi ma cable tie. Kumapeto ikani pulagi yogwira molimba, monga ya Anderson ya 50A kapena ya Hella, zomwe zimapezeka m'masitolo ambiri a zida za magalimoto. Zopanira za mano zija ndi za kanthawi chabe, zimapulumuka msanga.

Mukafuna swichi pa dashibodi, ikani relay (kaswichi koyatsidwa ndi moto wochepa) ya mapini anayi kuti moto waukulu usadutse pa swichi: pini 30 ku fyuzi, 87 ku nyale, 85 ku chitsulo, 86 ku swichi.

Nyale ya LED ikakana kuyaka, onani ngati simunasemphanitse positive ndi negative. Fyuzi ikangopsa nthawi yomwe mwayatsa, pali shoti penapake. Ifufuzeni, makamaka pomwe chingwe chimalowa m'chogwirira cha nyale ndi pomwe chitseko chimachipana. Chonde musaike fyuzi yaikulu kapena kumangapo kawaya kuti iyake basi. Oyendetsa malole akumbukire kuti malole ambiri ndi a 24V, a mabatire awiri olumikizana, ndipo babu la 12V limapsa pompo. Musatengenso moto pa batire imodzi mwa ziwirizo, chifukwa zimatha mosiyana n'kuwonongeka. Nyale zambiri za LED zimalembedwa 10 mpaka 30V, zimenezo zimagwira konse.

Injini ikazima, batire ya 60Ah siichedwa kufooka ndi nyale ya mawati 100. Batire yodzaza imaonetsa 12.6V pa mita yoyezera magetsi. Ikatsikira ku 12.2V yatha pafupifupi theka, lizani injini. Koma musailize m'galaja yotseka, utsi wake umapha.

Malamulo a pamsewu a ku South Africa salola kumangirira pa galimoto wamba nyale yotembenukira mbali iliyonse. Amalola magalimoto monga a polisi, ambulansi, ozimitsa moto ndi okoka magalimoto owonongeka. Yanu ikhale ya m'manja, muzule pulagi poyenda, ndipo mukaima m'mbali mwa N1 kapena M2 muilozetse pansi pomwe mukugwira ntchito, osati m'maso mwa madalaivala akubwera.