Mayeso a Ansible muziwachitira mu Docker

Anzanga amene mwayamba kulemba ma module (timapulogalamu togwira ntchito imodziimodzi) a Ansible, pulogalamu yokonzera ndi kuyang'anira makompyuta, kuno ku Mulanje, ndikupempheni chinthu chimodzi: mukamayendetsa ansible-test integration, lamulo loyesera ma module, musaiwale kuwonjezera --docker kuti mayesowo achitikire mu container ya Docker, kamalo kodzipatula m'kati mwa kompyuta yanu. Mayeso amenewa si ongoyerekeza ayi. Amaikadi mapulogalamu, amapanga ma user, amasintha ndi kufufuta mafayilo. Mu container akaononga palibe kanthu, chifukwa imachotsedwa mayeso akatha. Koma pa laputopu yomwe mumadyerapo, mudzalira.

Image, fayilo yomwe Docker imakopera ulendo woyamba kuti ipangire container, ndi yaikulu, imadya bandulo kwambiri. Ine ndinaikopera pa Wi-Fi ya kuntchito ku Chitakale, ndipo tsopano imangokhala m'kompyuta. Batire likhale lodzaza, makamaka nyengo ya mvula.

Musayendetse mayeso onse nthawi imodzi. Tchulani target (gulu la mayeso) imodzi yokha, mwachitsanzo ansible-test integration ping --docker, ikakanika muwonjezere -vvv kuti muone pomwe yagwera. Ngati ndi collection (phukusi la ma module) yanu, ikhale mufoda ya ansible_collections, kenako ya namespace (gawo loyamba la dzina lonse la collection), kenako ya dzina lake, apo ayi ansible-test ikana kuyamba. Mayesowo muwaike mu tests/integration/targets.

Chomwe ambiri timadumpha, ndipo chimandipweteka mtima, ndi ichi: task (ntchito yomwe mwaipatsa module) iliyonse iyendetsedwe kawiri. Ulendo woyamba inene kuti yasintha kanthu, wachiwiri inene kuti sinasinthe chilichonse, ndipo muzitsimikize zonsezi ndi module ya assert. Ikanenanso changed (kuti yasintha kanthu) kachiwiri, module yanu isanapite kwa anthu ena, bwererani mukaikonze.