Kulumikiza ma hard drive awiri a IDE pa kompyuta yakale

Mukafuna kuika ma hard drive awiri a IDE (njira yakale yolumikizira disiki mu kompyuta) pa chingwe chimodzi, zimitsani kompyuta ndipo muyambe mwaona kajampa (kachivundikiro kakang'ono kolumikiza timapini tiwiri) kali kumbuyo kwa disiki iliyonse, chifukwa imodzi iyenera kukhala Master (yoyamba), inayo Slave (yachiwiri). Majampa onse akakhala pa Master kapena onse pa Slave, BIOS (pulogalamu ya pa motherboard yoyambitsa kompyuta) imaona disiki imodzi yokha kapena siona iliyonse. Pa chingwe cha mawaya 80, pulagi yabuluu imalowa pa motherboard, yakuda yakumapeto ndi ya Master, pamene yotuwa yapakati ndi ya Slave. Cable Select, yomwe ndi njira yoti malo a disiki pa chingwe ndi amene asankhe Master ndi Slave, ine sindiidalira kwenikweni pa makina akale. Disiki yaikulu ikamaoneka ngati ya 137 GB yokha, sinawonongeke ayi, koma BIOS yakaleyo ndi imene sizindikira LBA ya 48-bit (njira yowerengera malo pa madisiki aakulu), choncho pamafunika kuikamo BIOS yatsopano.